Kompyuta ya Bambo Inkachedwa Kudzuka

3 Malichi

Chemwali,

Moni wa masiku. Kuno tili bwino, ana akupita kusukulu, alamu ako akuti ndikupatse moni. Amayi ndi miyendo yawo ija basi. Kunjako kuzizira kwatha?

Ndisazungulire, nkhani ndi ya shopu ya bambo. Kompyuta ija yatopa. Ukaiyatsa m'mawa ukhoza kusesa chipinda chonse, kupukuta pulinta, kukagula nyuzipepala, pobwera n'kuipeza ikudziwongolabe. Pulogalamu yolembera ndiye usanene. Ukaidina, kamkombero kaja kamangozungulira ngati galu wofuna pogona. Chondinyansa n'chakuti bambo akamaliza ntchito ya munthu mmodzi amaitseka pulogalamuyo, wina akabwera n'kuitsegulanso, kudikira kuyambirenso. Ndawaletsa mpaka pakamwa pauma. Akuti amatero kuti ntchito za anthu zisasakanikirane.

Tsidya la msewu atsikana awiri atsegula shopu ngati yathu yomwe. Makalata ofunsira ntchito, makhadi a ukwati, timapepala ta mwambo wa maliro, zonse akupanga munthu ali chiimire. Anthu athu akuwolokera komweko ife tikuona.

Lendi ya chipindacho ndimalipira ndine, ukudziwa. Ndawauza bambo kuti Juni akafika zinthu zili chomwechi, akapume kunyumba, pampandopo pakhale alamu ako omwe ali ndi satifiketi ya kompyuta koma angokhala. Anangovula magalasi n'kumawapukuta. Si kuti ndikufuna kuwachotsa ayi. Ngati vuto ndi makina, tikonze makinawo bambo akhalepo. Iwe ndiye umadya za makompyuta kumeneko, tatiuza chochita.

Ndine mlongo wako.

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine ndili bwino, kungoti ndakusowani. Kalatayi ndatumiza pafoni ya achimwene kuti akusindikizireni monga mwa masiku onse, poti inu mumati nkhani ya pafoni imapita ndi mphepo.

Ndamva kuti mukufuna kulandidwa mpando chifukwa cha kompyuta yaulesi. Zimenezo sizichitika ine ndili moyo. Munandiphunzitsa kutayipa nditakhala pamiyendo panu, mutandiphimba manja ndi thaulo kuti ndisamayang'ane mabatani, ndiye lero ndilephere kukuthamangitsirani kamakina kamodzi?

Matenda ake ndikuwadziwa ngakhale ndili kutali. Kompyuta ikamayaka, pali timapulogalamu tambirimbiri timene timadzuka nayo limodzi popanda wotiitana, tonse n'kumalimbirana pakhomo limodzi. Komanso mitundu ya zilembo imene mwakhala mukutolera zaka zonsezi, zopiringizika za paukwati ndi zonenepa za pachikwangwani, pulogalamu yolembera imayamba yaiwerenga yonse isanatseguke, pamene inu mumagwiritsa ntchito yowerengeka chabe. Hadi disiki nayonso ndi yakale, ya mbale yozungulira ija. Zonsezi n'zochizika.

Koma lero lomwe chitani chinthu chimodzi chosafuna ndalama: musamaitseke pulogalamuyo. Itseguleni m'mawa, muitseke poweruka. Ntchito za anthu sizingasakanikirane, ndikulumbira.

Ine wanu,
Chitsirizira.

17 Malichi

Wokondedwa mwana wanga Chitsirizira,

Kalata yako ya pa 9 mwezi uno ndalandira ndipo zonse ndamva. Anandiwerengera ndi amayi ako titadya. Kalata imakoma ikamamveka m'mawu a munthu. Ife tili bwino.

Ndathokoza chifukwa cha nzeru zako. Sukulu ija sinapite pachabe. Koma za kompyutazi, mwanawe, zisiye momwemo. Ndi nkhalamba inzanga imeneyi, timadziwana mayendedwe. Iyo ikamadzuka ine sindikhala nditapinda manja. Munthu amakhala pabenchi, timapatsana moni, andiuza chimene chamubweretsa. Mayi wamasiye wofuna kalata ya ku ofesi ya penshoni sungamulandire ngati akugula machesi. Pofika poti pulogalamu yatseguka, ine ntchito yonse ili kale m'mutu, zala zimangotsatira. Ndinatayipa mu ofesi zaka zambiri mabwana akulankhula chothamanga, sindinabwezeredwepo kalata. Kuthamanga sikufika.

Atsikana a tsidyawo ndi ana abwino, amandipatsa moni. Aliyense ali ndi anthu ake. Mlongo wako ndi wamtima wapachala, koma Juni ali kutali, tidzakambirana.

Usatumize chilichonse. Udye bwino, uzivala zofunda.

Ndine bambo wako.

25 Malichi

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana.

Kalata ya bambo mwaiona nokha poitumiza. Ndaseka mpaka anzanga a kuntchito kundifunsa. Amenewo ndiwo bambo athu, nsapato ikabooka amati ikulowetsa mphepo yabwino. Akungoopa kundivutitsa basi, palibenso china.

Mnzanga wina akubwera kumeneko sabata yamawa kudzaona mayi ake. Ndamupatsira kachipangizo kosungira zinthu kotchedwa SSD, kolowa m'malo mwa hadi disiki ija, komanso memori yowonjezera yoti kompyutayo izithamanga. Mukalandira, mutengere kompyutayo kwa amisiri a pafupi ndi siteji ya basi. Akopere zonse za mu disiki yakale kupita mu yatsopano, asasiye kanthu, makamaka mafomu a bambo okonzeratu aja a ukwati ndi a maliro. Akatero atsegule pamene pamaoneka mapulogalamu odzuka okha poyatsa, azimitse onse kupatula woteteza ku mavayirasi ndi wa pulinta. Zilembo asiye zimene bambo amagwiritsa ntchito, zinazo asungire pambali. Akamakayika andiimbire.

Muchite Lamlungu, shopu ili yotseka, ndipo musawauze. Mukawauza ayamba miyambi yawo ija mpaka inu mugonja. Lolemba angoipeza ikuuluka. Mundiuze nkhope yawo mmene idzaonekere, ndikanakonda ndikanakhalapo.

Ine mlongo wanu.

14 Epulo

Chemwali,

Iwe ndiwe mfiti ya makina! Kompyuta ija tsopano ukangodina batani, usanakoke n'komwe mpando yayaka. Pulogalamu yolembera ikutseguka ngati kuphethira. Mmisiri uja anachita kufunsa kuti wakulangizani ndani.

Wafunsa za nkhope ya bambo. Kunena zoona sanasangalale mmene timaganizira. Anadina, pulogalamu n'kutseguka, iwo n'kukhalabe manja ali pamiyendo kudikira, mpaka ndinawauza kuti yatseguka kale. Anaitseka n'kuitsegulanso, n'kuitsekanso. Kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati pali njira yoibwezera mwakale. Ndinaseka, ndinati bambo, wina akakuchiritsani mwendo mumapempha ndodo? Azolowera, ukalamba umadana ndi zachilendo.

Ndatenga tchuthi kuntchito kuti ndikhale nawo pashopu masabata awiriwa, tibweze anthu athu. Ndamata chikwangwani pakhomo chakuti ntchito yachangu. Zokhala pabenchi n'kumacheza zija ndathetsa. Ndikumalandira mapepala a anthu pakhomo pomwepo n'kuwaika patebulo la bambo, mwiniwake apite akachite zina, abwere adzatenge. Bambo akuchedwabe pang'ono, pepala akumaligwira nthawi yaitali, koma tiona.

Wagwira ntchito, mlongo wanga. Mpando wa bambo wauteteza ndiwe.

20 Malichi
(yolembedwa pamanja, inadzera ku positi ofesi, inafika pa 22 Epulo)

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Usadabwe ndi kalata ya papositi. Pafoni sindingalankhule, bambo ako makutu awo masiku ano akumva ndi nyerere yomwe ikamayenda. Kudzera kwa mlongo wako ndiye ayi, amawerenga zonse asanatumize. Ndakwera basi ndi miyendo yangayi kukaponya ndekha, ndiye umve bwino.

Kompyuta ya bambo ako usaikhudze. Ndabwereza, usaikhudze.

Bambo ako saona bwino. Ichi n'chaka chachiwiri. Munthu amamuona, msewu amawoloka, koma zolemba za papepala kwa iwo ndi utsi. Magalasi aja angovalira ulemu. Anandilumbiritsa kuti ndisauze mwana aliyense, ndipo lero ndikuswa lumbirolo chifukwa cha kalata yako yanzeru ija imene ndinawawerengera ine ndemwe.

Ukudziwa mmene amagwirira ntchito? Munthu akabwera ndi pepala, iwo amatsegula pulogalamu ija, ndipo poti imachedwa amati, pamene tikudikira makinawa, tandiwerengerani nokha zimene mwalembazo. Munthu amawerenga, iwo amafunsa kuti dzinalo limalembedwa bwanji, tsikulo ndi liti, amabwereza mpaka zalowa. Mutu wawo ndi wakuthwabe, ukuwadziwa. Ikatseguka amatayipa osayang'ana, mabatani onse ali m'zala. Akamaliza amamuuza mwiniwake kuti ayang'ane pasikirini ngati zili bwino, poti maso awiri saposa anayi. Palibe amene anawatulukirapo. N'chifukwa chake amaitseka munthu aliyense akachoka. Kuchedwako ndiwo maso awo.

Ndawauza kangati kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, auzeni ana akuperekezeni kwa adokotala. Amandiyankha kuti tsiku limene mwana wawo wamwamuna adzadziwe, makiyi a shopu apita tsiku lomwelo. Ndipo sakunama, mlongo wako ndinamubereka ndine.

Shopu ija ndiyo imawadzutsa m'mawa bambo ako. Mukawachotsapo mundipatsa mtembo woyenda kuti ndizikhala nawo m'nyumba. Umuuze mlongo wako kuti makinawo sangakonzeke, nama mmene unganamire, Mulungu akhululuka. Za Juni tidziwa chochita.

Kalatayi ukawerenga ung'ambe.

Mayi ako.

24 Epulo

Chemwali,

Ndaona kuti wakhala ukuimba kuyambira dzana. Sindinayankhe chifukwa ndikanalankhula zoipa. Bola ndilembe.

Lachiwiri m'mawa kunabwera bambo wina, maso ofiira, mkulu wake wamwalira. Amafuna timapepala ta mwambo wa maliro, galimoto yonyamula thupi ikudikira kuchipatala. Anandipatsa pepala lolemba pamanja: dzina la malemu, tsiku lobadwa, olankhula, onyamula nkhata za maluwa. Ndinamuuza kuti apite akathane ndi za kuchipatala, pobwera apeza zatha. Bambo athu anayesa kumuitana kuti akhale kaye pabenchi, ine ndinawadula, ndinati munthu ali pachisoni musamuchedwetse ndi macheza.

Bambo analigwira pepalalo, kuliyandikiza, kulitalikitsa. Anandifunsa kuti kodi banjali si lija la kuseri kwa chigayo, ndinati ndi lomwelo. Basi anayamba kutayipa. Banjalo amalidziwa, anawalembera makhadi a maukwati awo onse, ndiye mayina anangowatenga m'mutu. Ine ndinali kalikiliki ndi anthu pakhomo, sindinayang'ane. Tinasindikiza mulu wonse, mnyamata wa kubanjako anadzatenga.

Chemwali, pamalo pa dzina la malemu bambo analemba dzina la mng'ono wake, yemwe uja anabwera ndi pepala. Timapepala tinagawidwa m'tchalitchi. Munthu wamoyo atakhala kutsogolo pafupi ndi bokosi, anthu akuwerenga kuti wagona mumtendere. Mkazi wake anakomoka. Madzulo anabwera pashopu abale asanu, ndipo mawu amene anawanenera bambo sindingawalembe pano. Ena mpaka amati tamulosera imfa dala. Bambo anaimirira n'kupepesa, chipewa chili m'manja.

Atapita, ndinatenga pepala lija n'kuwapatsa, ndinati tawerengani mzere woyamba. Analigwira mozondoka. Sanadziwe n'komwe kuti lazondoka.

Ndinatuluka panja kukalira ngati mwana. Zaka ziwiri, chemwali! Ine kumawakalipira za kompyuta tsiku ndi tsiku, iwo kumangopukuta magalasi. Amayi akuti iwe anakulembera. Ndiye kuti nonse mumadziwa kupatula ine wolipira lendi?

Makiyi ndatenga. Sindingachitire mwina, mbiri yafala kale m'misika monse. Alamu ako ayamba Lolemba.

25 Epulo

Achimwene,

Sindinkadziwa. Kalata ya amayi yayenda mwezi wathunthu, yafika Lachitatu, zinthu zitaonongeka kale dzulo lake. Ndinaiwerenga nditaimirira pamasitepe. Ndikanailandira nthawi yake, kachipangizo kaja ndikanakaponya m'bini.

Bambo anandilembera poyera kuti zisiye momwemo, ine n'kumaseka, kumauza anzanga kuti bambo anga ndi okakamira zakale. Funso limodzi lokha lakuti chifukwa chiyani, sindinafunse. Safunsa anadya phula. Kuntchito kuno sindikhudza makina a munthu ndisanamufunse mmene amawagwiritsira ntchito, koma a bambo anga ondibereka ndinawakonza mwakuba, Lamlungu, ngati tikuwakonzera phwando. Zikundiwawa kwambiri.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Disiki yakale ija ikadali kwa mmisiri, muuzeni aibwezeremo. Kapena isiyeni yatsopanoyo, koma bambo abwerere pampando, anthu aziwawerengera poyera popanda chobisa, alamu aziyang'ana pasikirini asanasindikize. Zala zawo n'zabwinobwino, mutu ndi wabwinobwino. Cholakwa cha Lachiwiri si chawo okha, n'changa ndi chanu. Lendi ya miyezi ikubwerayi ndithandiza. Chonde musawatsekere kunja.

Ine mlongo wanu.

19 Meyi

Mwana wanga,

Ino ndatumiza kudzera kwa mlongo wako, awerenge ngati akufuna, chobisa chinatha.

Tinapita nawo kwa adokotala a maso. Akuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Ndi matenda amene amadya mtsempha pang'onopang'ono, ndipo chimene chapita chapita. Apereka mankhwala odontheza kuti chotsalacho chisathe msanga. Adokotala anati tikanabwera kale. Ndinangowayang'ana bambo ako, iwo n'kuyang'ana kukhoma.

Zimene unapempha mlongo wako anayesa, ndisamunamizire. Anabwera kunyumba ndi mkazi wake, anati bambo bwererani muzikhala pambali pa apongozi anu, anthu azikuwerengerani. Bambo ako anakana. Akuti kale anthu ankawawerengera poganiza kuti akuthandiza makina ochedwa, tsopano aziwawerengera podziwa kuti akuthandiza wakhungu amene anaika munthu wamoyo m'bokosi. Akuti ndani angabweretse dzina la m'bale wake kwa munthu wotero. Za disiki yakale anaseka, akuti ngakhale itachedwa tsiku lonse, aliyense akudziwa kale chimene tikudikira. Madzi akatayika sawoleka.

Ndinakukwiyira, sindikubisira. Mlongo wako ndinamukwiyira, bambo ako ndiye kwambiri, kenako ndinadzikwiyira ndekha chifukwa chosunga lumbiro lopusa zaka ziwiri. Pano mkwiyo watha, kwatsala chisoni.

Amadzukabe m'mamawa, kusamba, kuvala malaya ositidwa ndi tayi, n'kukhala pakhonde. Zala zimangogunda pamaondo. Ndikawafunsa kuti mukulemba chiyani amati palibe. Chakudya akudya ngati mwana wodwala. Uwalembere, koma usapepese kwambiri, zimawachititsa manyazi.

Mayi ako.

6 Juni

Wokondedwa mwana wanga Chitsirizira,

Makalata ako atatu ndalandira ndipo amayi ako andiwerengera onse. Leka kulira. Mwana amene wamva kuti bambo ake akulandidwa mpando n'kuthamanga kudzathandiza sanalakwe. Unachita zimene ndinakutumizira kusukulu.

Ukaona kalembedwe kasintha usadabwe. Sindikutayipa ndine. Ndabwera kuno kushopu ndipo ndakhala pabenchi, ndikulankhula, apongozi anga akulemba. Ali ndi dzanja labwino, kungoti amamenya kwambiri batani lodumphira mzere, ndawauza. Ndinafola pamzere ngati wina aliyense. Anafuna kundilowetsa kutsogolo koma ndinakana, ndinati amene anafika kale ayambe.

Benchili ndinalikhoma ndekha chaka chimene unabadwa, koma ndinali ndisanakhalepo. Ndi lolimba ngati mwala, ndipo mwendo wakumanzere ukugwedera. Anthu anapirira nane.

Shopu ikuyenda bwino. Makina ako ndi odabwitsa. Anthu atatu amene anali patsogolo panga alowa n'kutuluka ndisanamve n'komwe kuti abwerera chiyani. Mmodzi ndinamuzindikira mawu, ndi mphunzitsi wopuma uja ndinkamulembera makalata a penshoni. Anandipatsa moni ali pakhomo, akuti akuthamangira basi.

Nyengo kuno yayamba kuzizira. Mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba wabereka kwambiri chaka chino. Galu wa aneba uja anafa. Denga la kukhitchini likufunika msomali umodzi kapena iwiri. Mdzukulu wanga wamkulu wayamba kuimba kwaya. Amayi ako agula ketulo yatsopano, ya mluzu.

Apongozi akundifunsa ngati zonsezi n'zofunika kulemba. Lembani ndithu, mayi. Nkhani ndilibe, mwanawe, ndikungoitalikitsa kalatayi kuti ndikhaleko pang'ono muno. Fungo la inki ndi mapepala otentha ndinalisowa.

Akuti tsamba ladzaza, ndipo kumbuyo kwangaku kwafika anthu awiri. Ndinapempha kuti andiwerengere yonse kuchokera pamwamba tisanasindikize, koma ndamva pulinta yalira kale tsamba loyamba. Ndiyenera kupereka malo.

Ndine bambo wako.